Dzino la m'Bokosi la Machesi

Yotamu wabwera dzana kuchokera ku Kelimane,
njinga yopanda mabuleki, akakolo otupa.
M'thumba la malaya muli bokosi la machesi,
m'bokosimo dzino limodzi.
Akuti n'la shaki.
Ndaliyesa pachala, landilemba mzere wofiira.

Takhala pathanthwe kumunsi kwa mathithi a Zoa
pomwe bambo ankatchera mono
ife tikulondera njerwa za sopo kuti zisapite ndi madzi.
Ruo ndi yemweyu, koma waonda,
wafiira ndi dothi la m'mapiri
momwe nthochi zinatha ndi chisaka.

Iye akuti: shaki sibisala, mlongo wanga.
Imang'amba nyanja ndi chipsepse
ngati khasu loyenda lokha mumzere.
Khungu lake n'lokhakhala, ungasalazire mpini.
Siikira mazira ambirimbiri ngati chambo,
imene ndinkaiona ine imabereka ana amoyo, owerengeka,
ngati munthu.
Wanena mawu amenewo, ngati munthu,
kenaka wayang'ana kutsidya, ku Mozambiki.

Ine ndikuti: wayiwala mkunga?
Uja unkapulumuka m'manja mwa bambo
mpaka atadzola phulusa.
Wopanda ulemu, wopanda mbiri,
wa m'phanga, wa usiku.
Azakhali a ku Malamulo ankatembenuza mbale,
ati nsomba yanji yosaoneka mamba,
ana a ku Sandama ankathawa, ati njoka.
Koma mafuta ake ankazimitsa makala
ndipo fungo linkafika mpaka kunjanji.

Aphunzitsi a Nakhumwa anatiuza tili sitandade sikisi
kuti mkunga umabadwira kunyanja yamchere,
umabwera uli ngati kachingwe ka galasi,
Zambezi, Shire, Ruo,
n'kukwawa pamiyala yonyowa pambali pa mathithi
kumene ngakhale ng'ona imabwerera.
Tinaseka. Ndani angayende mtunda wonsewo
kuti adzakhale m'matope a kwathu kuno?

Yotamu sakuseka.
Zaka zisanu ndi zinayi m'bwato la eni,
ntchito yake inali mpeni.
Kudula zipsepse, kuponya thupi m'madzi likupumabe,
limamira mozungulira ngati tsamba la mbawa.
Zipsepse ankayanika padenga, wogula ankabwera ndi sikelo.
Chaka chatha mbedza zinkabwerera zili zokhazokha.
Abwana anati: pita kwanu, zatha.

Nanenso ndili ndi changa.
Neti ya udzudzu imene anatipatsa kusikelo ya ana
ndinaikokera m'dziwe ili, kawiri, mwina kasanu.
Munatuluka tizingwe toyera tosadyeka,
ndinatikutumulira pamchenga, nkhuku zinatola.
Katupe sindinathire ine,
koma nsomba zake ndinagula.

Shaki ikutha anthu akuiwerenga.
Akuti kumabwera a mabuku ndi makamera,
amayeza, amalemba, amadandaula pawailesi.
Mkunga ukutha ngati mchere m'chigubu,
umangozindikira tsiku lomwe wapendeketsa
osagwa kanthu.
Womaliza ndinauona chaka chomwe madzi anakokolola mlatho,
mwana wanga Elube ali kumsana.
Lero Elube ali fomu thuu,
mawu akuti mkunga amayesa n'dzina la mudzi.

Yotamu akuti kumene Zambezi amathira m'nyanja
madzi amakhala amitundu iwiri, osasakanikirana msanga.
Pamenepo mwina zimakumana:
wamano akulowa pang'ono kudzanunkhiza mtsinje,
kachingwe kakudutsa pansi pa mthunzi wake
kulunjika kuno.
Sizipatsana moni.
Sizidziwa kuti mipeni yake ndi ya m'nyumba imodzi.

Dzuwa lapendeka, mabasiketi a tiyi akutsika kumtunda.
Wandipatsa bokosi lija, ati sunga.
Ine ndilibe chomupatsa,
mkunga susiya dzino.
Ndangomulozera phanga lija pansi pa mkuyu,
tayang'ana nthawi yaitali.
China chagwedeza ndere.
Mwina nkhanu.